Lipoti la nkhani: mayi amene ankasamala credit score ngongole ikukula

Ndimagwira ntchito yolangiza anthu pa nkhani za ngongole kuno ku America. Nkhani ili m'munsiyi ndi ya mayi wina amene ndakhala ndikuwathandiza kwa miyezi 17. Dzina lawo ndi maina a mabanki ndasiya, ndipo ndalama zina ndazilemba mongoyerekezera pafupi.

Mayiwa ali ndi zaka 41, akulera okha ana awiri, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo. Amalipidwa malinga ndi maola amene agwira. Panthawiyo, akadula misonkho, ankalandira pafupifupi $3,100 pa mwezi. Anabwera mu Okutobala, ndipo mawu oti ngongole sanatuluke pakamwa pawo. Anati akufuna kugula nyumba zaka ziwiri zikubwerazi, ndiye ndiwauze njira yokwezera credit score yawo, nambala imene obwereketsa amayang'ana poyeza ngati munthu amabweza bwino ngongole, kuchoka pa 664 kufika pa 740. Anandionetsa nambalayo pa foni, n'kuwonjezera monyadira kuti: "Achimwene, chitengereni khadi langa loyamba, sindinachedwepo kulipira olo tsiku limodzi."

Zinalidi zoona. Titatsegula mbiri yawo ku mabungwe atatu amene amasunga mbiri ya ngongole za anthu, omwe ndi Equifax, Experian ndi TransUnion, sitinapeze banga lililonse pa zaka 9 zonsezo.

Zimene ndinapeza

Makhadi a ngongole analipo anayi. Loyamba linali ndi malire a $8,000, ngongole yake $7,400, chiwongoladzanja 24 peresenti pa chaka. Lachiwiri malire $5,000, ngongole $4,200, koma inali pawiri: $2,700 ya zogulagula pa 21 peresenti, ndi $1,500 imene anatapa pa ATM pa 30 peresenti. Lachitatu linali la sitolo ya mipando, ngongole $1,500 pa malire a $2,500, ndipo iwo anati limeneli "lilibe chiwongoladzanja". Lachinayi linali lakalekale lija, ngongole $400 pa malire a $1,500. Zonse pamodzi $13,500, pa malire okwana $17,000. Kunena kwina, pa madola 100 alionse amene mabanki anawalola kukongola, anali atadya kale 79.

Mwezi uliwonse ankalipira ndalama yochepetsetsa imene banki imalemba pa sitetimenti, ndipo ya makhadi onse anayi inkakwana $444. Mwa imeneyi, pafupifupi $239 inkapita ku chiwongoladzanja. Ngongole yeniyeniyo inkatsika ndi $205 basi. Koma chifukwa malipiro ankatha mwezi usanathe, ankagulanso zapakhomo za pafupifupi $300 pa makhadi omwewo. Ndiye mwezi uliwonse ngongole inkakwera ndi madola pafupifupi 95, mayi akulipira mokhulupirika, banki ikuwatumizira mauthenga owathokoza. Ngakhale $1,500 ya pa ATM ija anaitapa pamene ntchito inachepa, kuti alipire makhadi enawo tsiku lisanapitirire. Anakongola pa 30 peresenti kuti mbiri isadetsedwe.

Apa m'pamene ndinaona kuti vuto lawo silinali kusasamala. Anthu ambiri amene amafika kwa ine amakhala atasiya kutsegula makalata a banki. Awa ankatsegula onse, koma maso awo ankagwera pa mizere iwiri yokha: tsiku lolipira ndi ndalama yochepetsetsa.

Ndinawapempha sitetimenti ya khadi loyamba n'kuwalozera kabokosi kamene anali asanakawerengepo. Lamulo la CARD Act la 2009 limakakamiza mabanki kulemba pa sitetimenti iliyonse nthawi imene munthu angatenge kuti amalize ngongole ngati akulipira yochepetsetsa yokha, komanso ndalama imene angamalipire pa mwezi kuti amalize m'miyezi 36. Pa khadi lawo panalembedwa zaka pafupifupi 19, ndipo pansi pake $290. Iwo ankalipira $222. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati makina sanalakwitse, poti kusiyana kwa $68 sikungasandutse zaka 3 kukhala 19.

Makina sanalakwitse. Chinsinsi chake n'chakuti ndalama yochepetsetsa siikhala pamodzimodzi. Pa khadi limeneli banki inkaiwerengera potenga 1 peresenti ya ngongole n'kuphatikiza chiwongoladzanja cha mweziwo. Ngongole ikatsika pang'ono, nayonso imatsika, ndipo munthu amasangalala kuti wapepukidwa pamene ulendo wake wangotalikitsidwa. Akanati angoumirira $222 yomweyo mwezi ndi mwezi osatsitsa, khadilo likanatha zaka 5 zisanakwane. Zimenezi ndimauza aliyense, ndipo sindinaonepo munthu amene anazimva osadabwa.

Za nambala ija

Ndinathera nthawi yaitali pa credit score chifukwa mtima wawo unali pamenepo. Nambala imene obwereketsa ambiri amagwiritsa ntchito ndi ya kampani ya FICO, imene inayamba kuitulutsa mu 1989, ndipo imayambira pa 300 kulekezera pa 850. Kampaniyo imanena yokha zimene imayang'ana: 35 peresenti ndi mbiri ya kalipiridwe, 30 peresenti kuchuluka kwa ngongole makamaka poyerekeza ndi malire, 15 peresenti kutalika kwa mbiri, 10 peresenti ngongole zatsopano, ndipo 10 yotsalayo mitundu ya ngongole zimene munthu ali nazo. Malipiro ako mulibe. Ndalama zimene wasunga mulibe. Chiwongoladzanja chimene akukudula mulibenso. Nambalayi inapangidwira wobwereketsa, kuti adziwe ngati ungadzamuthawe. Munthu amene akumira koma akulipirabe pa nthawi yake, kwa banki ndi kasitomala wabwino kwambiri.

Mayiwa anali ndi zikhulupiriro ziwiri zimene ndimakumana nazo kawirikawiri. Choyamba, wina anawauza kuti khadi usamalimalize, uzisiyako kangongole kuti nambala ikwere. Limeneli ndi bodza, ndipo lawadyera anthu ndalama zambiri. Banki imatumiza ku mabungwe aja ndalama imene ili pa sitetimenti, ndipo ukailipira yonse tsiku lisanakwane, mbiri imaonetsa kuti khadi likugwira ntchito popanda iwe kupereka chiwongoladzanja ngakhale senti imodzi. Chachiwiri, ankaganiza kuti kuchedwa tsiku limodzi kumalowa m'mbiri. Ukachedwa masiku ochepa banki imakulipiritsa chindapusa, koma ku mabungwe aja kuchedwako kumalembedwa pakadutsa masiku 30. Kukalembedwa kumakhalamo zaka 7, n'chifukwa chake sindinapeputse mantha awo. Koma akanadziwa zimenezi, mwezi umene anathamangira ku ATM uja akanangodikira malipiro a sabata yotsatira n'kupereka chindapusa chokha.

Ndinawauzanso kuti nambala ya pa foni yawo inali ya VantageScore, imene mabungwe atatu aja anakhazikitsa mu 2006, ndipo siifanana ndendende ndi imene wobwereketsa ndalama ya nyumba adzayang'ane. Ankalipira $30 pa mwezi kuti aziiona tsiku lililonse. Tinasiya kulipira zimenezo tsiku lomwelo, poti mbiri yako ungathe kuitenga kwaulere, ndipo kuiona wekha sikutsitsa nambala.

Mawu amene ndinatsekera nawo tsikulo ndi akuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndinati tisiye kaye nambala, tilimbane ndi ngongole, chifukwa chimene chinkaipanikiza nambalayo ndi 79 peresenti ija, ndipo gawo limeneli m'mitundu ya FICO yofala kwambiri silisunga chakukhosi: ngongole ikatsika, nambala imatsatira mwezi wotsatira. Anavomera, ngakhale nkhope inkaonetsa kuti sanakhutire.

Dongosolo, ndi pamene ndinalakwitsa

Tinagwirizana kuti makhadi onse atuluke m'chikwama, ndipo ku ngongole kuzipita $700 mwezi uliwonse, osatsitsa ngakhale mabanki atatsitsa zofuna zawo. Kuti zitheke anawonjezera ntchito ya Loweruka, ndipo tinadula zinthu zingapo zimene zinkadzidula zokha pa akaunti, kuphatikizapo inshulansi ya pa khadi imene sankakumbukira n'komwe kuti anavomera. Pamwamba pa $444 panatsala $256 yoti tiziponya pa ngongole imodzi.

Pali njira ziwiri zodziwika: kuyamba ndi ngongole yaing'ono kuti munthu alimbe mtima poona khadi limodzi litatha, kapena kuyamba ndi ya chiwongoladzanja chachikulu kuti ndalama zisawonongeke zambiri. Kwa munthu wofooka msanga ndimasankha yoyambayo. Mayiwa sanali wotero, choncho tinayamba ndi $1,500 ya pa ATM. Ngongole imeneyi inali isanasunthe kwa chaka chathunthu, ndipo chifukwa chake chilinso m'lamulo la 2009 lija. Khadi limodzi likakhala ndi ngongole za chiwongoladzanja chosiyana, banki ili ndi ufulu woika ndalama yochepetsetsa ku ngongole yotchipa, koma ndalama iliyonse yoposa pamenepo iyenera kupita ku yodula. Wolipira yochepetsetsa yokha sangaikhudze yodulayo. Kuwonjezera apo, ndalama yotapa pa ATM imayamba kubereka tsiku lomwelo.

Khadi la mipando ndinaliika kumapeto. Sitetimenti yake anali ataiiwala kunyumba, iwo anati palibe chiwongoladzanja, ine ndinalemba 0 n'kupitirira. Kumeneku kunali kulakwa kwanga, osati kwawo, chifukwa ndikudziwa bwino mmene makhadi a m'masitolo amachitira. Pali kusiyana pakati pa chiwongoladzanja cha 0 ndi chiwongoladzanja chongoimikidwa. Pa chachiwirichi, mawu ake amati sulipira kanthu ngati wamaliza ngongole yonse m'miyezi yakutiyakuti. Chiwongoladzanjacho chimakhala chikuwerengedwa mwakachetechete kuyambira tsiku logula, ndipo tsiku lomaliza likakupeza uli ndi kangongole kotsala, ngakhale kochepa, chonse chimakugwera nthawi imodzi.

Ndinaiona sitetimentiyo kumapeto kwa Disembala. Anagula mipando ya $2,400 pa mgwirizano wa miyezi 18, chiwongoladzanja 29 peresenti, ndipo nthawi inkatha mu Malichi. Ndalama yochepetsetsa ya $60 imene ankauzidwa kulipira sikanamaliza ngongoleyo pofika tsikulo, ndipo palibe chimene chimakakamiza kuti izimaliza. Akanaphonya, akanawonjezeredwa madola oposa 750. Panali patatsala $1,380 ndi miyezi itatu. Miyezi iwiri imene tinaponya $512 ku ngongole ya pa ATM inali itapita kale.

Ndinawauza mosabisa kuti ndinalakwitsa. Iwo anangoti, "Ndiye titani?" Tinatembenuzira $256 ija ku khadi la mipando, kukhala $316 pa mwezi, zimene pa miyezi itatu zinkapereka $948. Panaperewera $432. Chiyembekezo chinali pa ndalama ya msonkho imene boma limabweza, koma mayiwa ali m'gulu la olandira Earned Income Tax Credit, thandizo la pa msonkho la ogwira ntchito amene amalandira zochepa, ndipo lamulo sililola IRS, bungwe la boma lotolera misonkho, kutulutsa ndalama za gulu limeneli pakati pa Febuluwale pasanafike. Anatumiza mapepala awo tsiku loyambirira lololedwa, tinadikira mtima uli m'mwamba, ndipo $2,100 inalowa sabata yoyamba ya Malichi. Khadi la mipando linatha kutatsala masabata awiri. Ndalama yotsalayo inafafaniza ngongole ya pa ATM ndi ya khadi lakale lija, ndipo $400 tinaiika padera kuti izidikira ngozi.

Chiyambire nthawi imeneyo sindilembanso chiwongoladzanja cha khadi lililonse ndisanaone pepala ndi maso anga.

Khadi lakalelo anafuna kulitseka litangotha. Ndinawaletsa. Linalibe malipiro a pachaka, ndipo kulitseka kukanachotsa $1,500 pa malire awo n'kuchititsa kuti ngongole yotsala ioneke yaikulu. Tinaikapo bilu ya foni yokha, yodzilipira yonse mwezi uliwonse.

Pamene tinatsutsana

Pofika mu Epulo nambala inali pa 692 ndipo mayi anali osangalala. Koma khadi loyamba linali likadali pa $7,000, likudya $140 ya chiwongoladzanja mwezi uliwonse. Njira yosamutsira ngongole ku khadi latsopano la 0 peresenti tinaiganizira n'kuisiya. Amadula 3 mpaka 5 peresenti ya ndalama yosamutsidwayo, kupempha khadi kumalembedwa m'mbiri kwa zaka ziwiri, ndipo ndinkakayika kuti angawapatse malire okwanira. Kunena zoona, ndinkaopanso kuona khadi la $8,000 litakhala lopanda kanthu m'nyumba imene malipiro ake amadalira maola.

Masiku omwewo kampani ina inawaimbira foni kuwalonjeza kuti idzawadulira ngongole ndi theka. Makampani oterewa amakuuza kuti usiye kulipira mabanki, uzisunga ndalama ku akaunti ina, iwo adzakambirane ndi banki ngongole ikafika poipa. Pamene ukudikira, chindapusa ndi chiwongoladzanja zikukwera, pakatha masiku pafupifupi 180 banki imailemba ngongoleyo kuti yatayika, ikhoza kukusumira, ndipo gawo limene wakhululukidwa, likakwana $600 kapena kuposa, limanenedwa ku IRS ndipo ukhoza kulilipirira msonkho. Kuyambira mu 2010, lamulo la FTC, bungwe la boma loteteza ogula, limaletsa makampani otsatsa ntchitoyi pa foni kulandira malipiro asanakonze ngongole ngakhale imodzi, komabe woimbayo anawapempha ndalama yolembetsera. Pali anthu amene kukambirana kotere, kapena kupita kukhoti kukalengeza kuti alephera kubweza, ndi njira yokhayo yotsala. Mayiwa sanali pamenepo. Pano sitinatsutsane, poti mawu oti asiye kulipira anawanyansa okha.

Tinatsutsana pa china. Ndinawalangiza aimbire banki ya khadi loyamba n'kufunsa za dongosolo la anthu amene ali pamavuto. Mabanki ambiri ali nalo koma salilengeza. Tinaimba limodzi, iwo akulankhula ine ndili pambali. Banki inavomera kutsitsa chiwongoladzanja kufika pa 10 peresenti kwa miyezi 12, malipiro $230 pa mwezi, koma khadilo litsekedwe. Chiwongoladzanja cha mwezi chikanatsika kuchoka pa $140 kufika pa $58.

Mayi anafunsa funso limodzi: nanga nambala? Ndinawauza kuti itsika, chifukwa malire a $8,000 achoka pamene ngongole ikadalipo, koma sindingathe kunena kuti ndi mapointi angati. Anakana. Anati anavutika zaka 9 kumanga dzina, ndipo ine ndikufuna aligwetse ndi manja awo. Anachoka osatsanzika bwino.

Ndinkawamvetsa. Munthu amene anayamba wopanda mbiri iliyonse, akukanidwa nyumba ya lendi chifukwa makina sakumudziwa, nambala imeneyi amaiona ngati umboni woti ndi munthu wodalirika. Sindinawaumirize. Ndinangowatumizira funso lakuti m'miyezi 12 ikubwerayi, ndani amene adzayang'ane nambala yawo. Nyumba sankagula chaka chimenecho, galimoto anali nayo, lendi anali atangosainira kumene. Nambala imagwira ntchito tsiku limene ukukongola. Kuisunga pamwamba chaka chimene sukongola n'kumalipira madola pafupifupi 80 pa mwezi chifukwa cha zimenezo, ine ndinkaona kuti n'kuwononga. Patatha masiku 10 anaimbira okha banki n'kuvomera.

Mu Meyi nambala inagwa kufika pa 661, kutsika kuposa pamene tinayambira. Ananditumizira chithunzi chake popanda mawu alionse. Ndinayankha kuti walira mvula walira matope, ndipo patapita nthawi anandiuza kuti tsikulo mwambiwo sunawaseketse ngakhale pang'ono.

Miyezi yotsatira

Popeza khadi loyamba linali tsopano lotchipa, $470 inayamba kupita ku khadi lachiwiri, limene linali pa $2,500. Miyezi itatu zinayenda bwino. Mu Julayi galimoto inawonongeka ndipo kukonza kunadya $900, mwezi womwewo gogo wina amene ankamusamalira anamwalira, maola n'kuchepa. $400 yosunga ija inapita yonse, $500 inabwerera pa khadi, ndipo kwa miyezi iwiri ankalipira pang'ono chabe pamwamba pa yochepetsetsa. $230 ya khadi loyamba sanaiphonye, chifukwa banki inanena kuti akaphonya mgwirizano utha. Anabwera akudziimba mlandu kuti abwerera m'mbuyo. Ine ndinaona zina: chaka chapitacho ngozi yotereyi ikanapita yonse pa ATM. Koma ndikuvomereza kuti $400 inali yochepa kwa munthu amene ntchito yake imadalira galimoto, ndipo ndikanayenera kuumirira kuti tisunge zambiri ngakhale ngongole ichedwe kutha.

Khadi lachiwiri linatha mu Disembala m'malo mwa Seputembala. Kuyambira Januwale $700 yonse yakhala ikupita ku khadi loyamba.

Mmene zilili pano

Pakutha pa Malichi ngongole yonse inali pafupifupi $3,200, yonseyo pa khadi lotsekedwa lija. Nambala ili pa 718. Miyezi 12 ya chiwongoladzanja chotsika yatha, ndipo banki yati ibwerera pa 24 peresenti, zimene pa ndalama yotsalayi ndi madola pafupifupi 64 mwezi woyamba, kenako n'kumatsika.

Ndalama ya msonkho ya chaka chino yafika, ndipo tasiyananso maganizo. Iwo akufuna kuiponya yonse pa khadi kuti lithe msanga, poti amva kuti ngongole ikatsikiratu nambala ikhoza kudutsa 740. Ine ndikufuna theka likhale losunga, chifukwa galimoto ija ndi yomwe ija ndipo maola awo sanakhazikike. Pa masamu okha iwo akulondola, poti palibe akaunti yosungira ndalama imene ingawapatse 24 peresenti. Ndawauza maganizo anga, ndipo chosankha n'chawo.

Makalata owapatsa makhadi atsopano ayambanso kufika, atatu mwezi wathawu. Abwera nawo onse osatsegula, n'kufunsa ngati kutenga limodzi kungathandize nambala pobwezeretsa malire amene anataya. Yankho loona n'lakuti kungathandize, ndipo ndawauza choncho, komanso kuti wopempha ngongole ya nyumba amachita bwino kusatsegula akaunti yatsopano miyezi ingapo asanapemphe. Tagwirizana kuti makalatawo akhale mufayilo mwanga mpaka khadi loyamba litatha. Tidzakumananso mu Juni, ndipo ndawapempha kuti adzabwere ndi masitetimenti onse, ngakhale a makhadi amene alibe ngongole.